Belu la kamera likalemba Offline, nthawi zambiri silinafe

Mabelu okhala ndi kamera, amene kale ankangooneka pa mageti a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, tsopano afika pa makomo a magolosale, pa makontena a hadiweya, ngakhalenso pa nyumba za amalonda amene amagoneka katundu kunyumba. Munthu akaima pakhomo kapena akadina belu, foni ya mwini malo imalira, iye n'kuona amene wabwera n'kuyankhula naye, ngakhale ali ku Limbe kooda katundu kapena ali m'basi ya ku Dar es Salaam. Kwa munthu amene mpamba wake wonse umagona m'chipinda chimodzi, kachipangizoka kamam'patsa tulo.

Tulo timeneti timatha tsiku lomwe pa foni palembedwa mawu akuti Offline. Chithunzi sichikubwera, belu likadinidwa foni ili zii. Ena amangoti lapsa ndi magetsi n'kuliponya mu katoni. Ena amatenga phini n'kubaya kabowo ka reset asanaganize n'komwe. Ena amayamba kufunsa mtengo wa latsopano, pomwe zipangizo zonsezi n'zochokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wakunja sagulidwa mwachibwana. Chikhalirecho, mabelu ambiri olemba Offline amakhala ali bwinobwino. Chimene chaduka ndi njira yomwe chithunzi chimadutsa.

Belu silitumiza chithunzi ku foni mwachindunji. Limachipereka pa Wi-Fi kwa rauta kapena MiFi ya pashopu. Rautayo imachikweza pa intaneti kupita ku makompyuta a kampani yomwe idapanga belulo, ndipo foni ya mwini shopu imakachitenga kumeneko. Paliponse pamene paduka, foni imalemba mawu omwewo. Siinena kuti bandulo yatha, kapena kuti rauta yazima, kapena kuti mwana wasintha pasiwedi. Imangoti Offline basi.

N'chifukwa chake kufufuza kumayambira pa zinthu zosalira ndalama. Mwini shopu alumikize foni yake pa Wi-Fi ya pashopupo n'kuyesa kutsegula tsamba lililonse. Likakana, belu lilibe mlandu: bandulo yatha kapena netiweki ya Airtel kapena TNM yavuta m'deralo. Bandulo imatha msanga kuposa momwe ambiri amaganizira. Kampani ya Ring imalangiza kuti belu limodzi lizipeza liwiro la 2 Mbps potumiza chithunzi. Pa liwiro limenelo, mphindi imodzi yoonera imadya 15MB, ola lathunthu 900MB, ndipo zimadyedwa kawiri: MiFi ya pashopu ikulipira potumiza, foni nayo ikulipira polandira. Mabelu otchipa amadya zochepera pamenepa, komabe wamalonda amene amakonda kutsegula kamera kuti aone ngati mnyamata wa m'shopu akugona, asadabwe bandulo ya mwezi ikatha pa sabata ziwiri.

Intaneti ikakhala ilipo, chotsatira ndi moto. Magetsi a ESCOM akazima n'kuyakanso, belu la chingwe limadzuka msanga kuposa rauta, limafunafuna Wi-Fi osaipeza, ndipo ena mwa mabeluwa amangokhala choncho osayesanso. Mankhwala ake ndi kuzimitsa rauta, kudikira theka la mphindi, kuiyatsa, n'kuisiya mpaka timagetsi take tonse titakhazikika. Kenako belu nalo lizimitsidwe n'kuyatsidwanso, kapena lichotsedwe batire n'kubwezeredwa. Rauta poyamba, belu pambuyo. Belu la batire likhoza kungokhala kuti latha moto, makamaka likayang'ana kumsewu kumene anthu ndi akabaza amadutsa tsiku lonse, chifukwa aliyense wodutsa amalidzutsa. Ma MiFi ambiri amakhalanso ndi chizolowezi chogona akaona kuti palibe akuwagwiritsa ntchito, komanso ali ndi malire a zipangizo zomwe angalandire nthawi imodzi. Anansi a pa msika akadzaza malowo ndi mafoni awo, belu limatsala kunja.

Palinso cholakwika china chomwe chimaseketsa koma chimachitika kawirikawiri. Munthu amalumikiza belu ku hotspot ya foni yake ali pashopu, zonse n'kuyenda bwino. Madzulo akatseka n'kupita kunyumba, Wi-Fi ija yapita naye m'thumba, belu latsala lopanda kolumikiza. Belu limafuna Wi-Fi yogona pamalopo usana ndi usiku.

Dzina ndi pasiwedi

Zimene belu limadziwa za Wi-Fi ndi ziwiri zokha: dzina lake ndi pasiwedi yake. Silidziwa mtundu wa rauta, silidziwanso kuti muli SIM ya kampani iti. Wamalonda akachotsa SIM ya Airtel n'kuika ya TNM mu MiFi yomweyo, bola MiFiyo ivomere, belu silizindikira n'komwe kuti pasintha kanthu. Koma akagula rauta ina, kapena wina akasintha chilembo chimodzi cha pasiwedi, belu limapitiriza kugogoda pa khomo lakale.

Apa pali njira yachidule yomwe imapulumutsa makwerero ndi ndalama ya mmisiri. Rauta yatsopano ipatsidwe dzina ndi pasiwedi ya rauta yakale ija, ndendende, chilembo chachikulu pomwe padali chachikulu, mpata pomwe padali mpata. Belu likaona dzina lomwe limalidziwa limalowa lokha, ndipo makamera ena onse a pamalopo amachita chimodzimodzi popanda kukhudza ngakhale limodzi. Dzina limasinthidwa pa tsamba la rauta, lomwe limatsegulidwa pa foni polemba manambala ake pomwe pamalembedwa adiresi ya intaneti. Ma MiFi ambiri a Huawei amatsegulidwa ndi 192.168.8.1, a ZTE ndi 192.168.0.1, ndipo manambalawa pamodzi ndi mawu olowera amalembedwa pa kapepala kokhala pansi pa rauta kapena kuseri kwa batire.

Njirayi siyenera ngati pasiwedi idasinthidwa dala, mwina chifukwa yafala msika wonse kapena wantchito amene ankaidziwa wachotsedwa. Kubwerera ku pasiwedi yakale ndi kutsegulanso khomo lomwe lidatsekedwa pa chifukwa. Pamenepo belu ndi lomwe liyenera kuphunzitsidwa pasiwedi yatsopano, ndipo mabelu a makampani odziwika amalola zimenezi popanda kufufuta china chilichonse.

Pa Ring, mwini belu amatsegula app, n'kusankha belulo, n'kulowa pa Device Health, pomwe pali mawu akuti Reconnect to Wi-Fi kapena Change Wi-Fi Network. App imamuuza kuti adine kamodzi kabatani koyambitsira. Pa mabelu ena a Ring kabatanika ndi kalalanje ndipo kali kuseri, choncho belu limayenera kumasulidwa pa khoma. Pa ena kali kutsogolo, pansi pa chivundikiro. Kakadinidwa, kagetsi koyera kamayamba kuzungulira, foni imalumikizana ndi belu kwa kanthawi, kenako munthu n'kusankha Wi-Fi n'kulemba pasiwedi. Makamera ambiri a Tapo, a kampani ya TP-Link, amasiyanitsa ndi nthawi: kugwira kabatani masekondi 5 kumaiwalitsa Wi-Fi yokha, kukagwira masekondi 10 kumafufuta zonse. Chala chikachedwa pang'ono, ntchito ya mphindi zisanu imasanduka ya ola.

Mabelu opanda dzina lodziwika, amene ali ochuluka m'masitolo a zamagetsi ndipo amayendera app monga Tuya kapena Smart Life, kawirikawiri alibe njira yapakatiyi. Wi-Fi ikasintha, amayenera kufufutidwa n'kulumikizidwa ngati atsopano.

Pofika pa reset yeniyeni

Reset imabwezera belu momwe lidalili potuluka m'katoni. Limaiwala Wi-Fi, limaiwala malo omwe lidauzidwa kuti liziyang'anira, nthawi zina limaiwala ndi wotchi yomwe. Si choopsa, koma pali zinthu zomwe zikaiwalika munthu asanadine, sizibwereranso.

Choyamba ndi memori khadi. Mabelu ambiri otchipa amasunga makanema pa kakhadi kokhala m'kati, ndipo akalumikizidwanso app imatha kupempha kuti khadiyo ifomatidwe. Munthu wothamanga amangodina Yes, makanema onse n'kupita. Ngati usiku womwe belu lidaduka ndi womwewo womwe loko wa shopu adathyoledwa, khadi imeneyo ndi umboni, chifukwa mabelu ena amapitiriza kujambulira pa khadi ngakhale intaneti itaduka. Ichotsedwe kaye, makanema akoperedwe pa foni kapena pa kompyuta, kenako reset. Ring ndi yosiyana: makanema ake amasungidwa ku makompyuta a kampaniyo kwa amene amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kuchotsa belu pa akaunti kumachotsanso makanemawo, choncho ofunika atsitsidwe pa foni zisanafike pamenepo.

Chachiwiri ndi imelo ndi pasiwedi ya app. Amalonda ambiri adalowa kamodzi tsiku logula ndipo sakumbukiranso kuti adalemba chiyani. Izi zitsimikizike belu lisanafufutidwe. Batire nalo litchajidwe mpaka lidzaze, chifukwa belu lofooka limazima pakati pa ntchito n'kuoneka ngati lakana. Ndipo ngati n'kotheka, limasulidwe pa khoma n'kubweretsedwa pa tebulo pafupi ndi rauta. Kulumikiza munthu ali pa makwerero, dzanja lina pa foni, dzuwa likuwala pa galasi, ndi kudzivutitsa chabe.

Kabatani ka reset kamagwiridwa, sikangodinidwa. Pa Ring ndi masekondi pafupifupi 20, kenako belu lisiyidwe mphindi imodzi kuti lidzuke. Pa mabelu ambiri a Tuya ndi masekondi pafupifupi 5, mpaka pamveke kulira kapena mawu, kagetsi n'kuyamba kuthwanima. Kabowo kakakhala kakang'ono, kaphini kotulutsira SIM ya foni kamakwanira. Singano kapena msomali umaboola kabataniko.

Kenako pa app padinidwe chizindikiro chowonjezera chipangizo, asankhe Wi-Fi, alembe pasiwedi. Mabelu ambiri otchipa amaphunzira pasiwediyo ndi diso lawo lomwe: foni imaonetsa QR code, munthu n'kuiika kutsogolo kwa kamera pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, mpaka belu litalira. Likapanda kulira, galasi la foni liwalitsidwe kwambiri, diso la kamera lipukutidwe, kapulasitiki kobwera nalo kachotsedwe, foni iyendetsedwe pang'onopang'ono kutsogolo ndi m'mbuyo. Foni yosweka galasi imavuta pamenepa, ndipo kubwereka ya mnzake kwa mphindi ziwiri n'kulowa ndi akaunti yomweyo kumathetsa nkhani.

Pomwe ambiri amakakamira ndi pamapeto, app ikawerenga mpaka 90 peresenti kenako n'kulemba Failed. Kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi. Wi-Fi ili ndi misewu iwiri, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Wa 5 GHz ndi wothamanga koma sufika patali, wa 2.4 GHz ndi wochedwerapo koma umafika kutali ndipo umapyola makoma bwinoko. Mabelu ambiri, makamaka otsika mtengo, amadziwa wa 2.4 GHz wokha. Rauta ikakhala ndi mayina awiri, lina lothera ndi 5G, lofunika ndi linalo, ndipo foni nayo ikhale pa lomwelo polumikiza. 5G imeneyi si 5G ya netiweki ya mafoni, angofanana dzina. Rauta zina zimaphatikiza misewu iwiriyi pa dzina limodzi, zomwe zimasokoneza belu. Pa tsamba la rauta paja, 5 GHz izimitsidwe kaye mpaka belu litalowa. Pomwepo aonenso mtundu wa chitetezo: ngati pali WPA3, asinthire ku WPA2, chifukwa mabelu akale ndi otchipa sadziwa WPA3.

Foni nayo imatha kukhala wolakwa. Pamene yalumikizana ndi belu kwa kanthawi, imaona kuti kulibe intaneti n'kuthawira ku data ya SIM, ntchito n'kuduka. Data izimitsidwe mpaka zonse zitatha. App ikapempha Location ndi Bluetooth ipatsidwe, apo ayi siitha kuona belulo. Amene ali ndi VPN pa foni aitseke.

Belu likalowa, ntchito siinathe. Wotchi ionedwe. Malawi ali pa UTC+2, nthawi yofanana ndi ya ku Harare, Maputo ndi Lusaka, koma mabelu ena akafufutidwa amabwerera ku nthawi ya ku China, yomwe ili patsogolo ndi maola 6. Kanema woonetsa wakuba akulowa 8 koloko m'mawa pomwe adalowa 2 koloko usiku amapatsa ntchito mwini wake pofotokoza ku polisi. Malo oyang'anira aikidwenso kuti belu lizidzuka ndi amene wafika pakhomo, osati aliyense wodutsa mumsewu. Ndipo kuyesa kwenikweni sikuchitikira pa tebulo. Belu libwezeredwe pa khoma, zitseko zitsekedwe monga zimakhalira usiku, mwini wake azimitse Wi-Fi pa foni, ayatse data, apite kutsidya kwa msewu n'kutsegula chithunzi.

Kutseka zitseko n'kofunika chifukwa chitsulo chimatchinga Wi-Fi. Shopu ya kontena, kapena yokhala ndi chitseko chachitsulo chokoka, imatha kulumikiza bwino masana onse chitseko chili chotsegula, kenako n'kuduka usiku, nthawi yomwe belu likufunika. Pa Ring, tsamba la Device Health limaonetsa nambala yotchedwa RSSI: -50 ndi yabwino, -70 ndi yofooka, ndipo ma app ena amaonetsa timizere ngati ta netiweki ya foni. Kusuntha MiFi kuchoka pansi pa kauntala n'kuipachika m'mwamba pafupi ndi zenera kapena kabowo ka mpweya kumasintha zambiri kuposa reset ina iliyonse.

Chomwe reset siichotsa

Pali chinthu chimodzi chomwe kabatani kaja sikakhudza ngakhale kagwiridwe tsiku lonse, ndipo apa ndi pomwe ndalama za amalonda zimalowa m'madzi. Mabelu a Ring, EZVIZ, Imou ndi ena amamangiriridwa ku akaunti ya munthu amene adayamba kuwalumikiza. Chingwe chimenechi sichili m'belu, chili ku makompyuta a kampani. Makampani adachita dala kuti belu lobedwa lisagwire ntchito kwa wakuba. Munthu akagula belu logwirapo kale ntchito, kaya kwa mnzake, pa Facebook, kapena lobwera ndi achibale a ku Johannesburg, amatha kulifufuta bwinobwino, kulumikiza Wi-Fi bwinobwino, kenako app n'kumuuza kuti chipangizochi chili ndi mwini wake. Womasula ndi mwini woyamba yekha, polowa mu app yake n'kudina Remove Device kapena Delete Device. Akakhala kuti sakupezeka, chotsala ndi kulembera kampaniyo ndi umboni woti belulo lidagulidwa, ndipo kwa munthu wopanda lisiti imeneyo ndi njira yaitali yosatsimikizika.

Choncho belu lakale lisalipiridwe lisanaoneke pa foni ya wogula, pa akaunti ya wogula, wogulitsa ali pomwepo. Hotspot ya foni ina yoikidwa pa 2.4 GHz imakwanira kuyesera. Wogulitsa amene akuti mukangochita reset liyenda, koma sakufuna kudikira mphindi khumi, mwina sadziwa zomwe akugulitsa, mwina akudziwa bwino lomwe. Amalonda ogulitsa zipangizozi nawonso amadzipalira mkangano akamayesa belu latsopano pa akaunti yawo kuti kasitomala aone, kenako n'kulikulunga osalichotsa.

Vuto lomweli limabwera ndi amisiri oika mabelu. Pofuna kufulumira, mmisiri amalumikiza belu pa imelo yake, n'kupereka kwa mwini shopu chilolezo chongoonera. Zonse zimaoneka bwino mpaka tsiku lomwe Wi-Fi yasintha, pamene mwini shopu amapeza kuti sangasinthe kanthu popanda mmisiriyo, amene mwina adasamuka kapena akufuna ndalama ina. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wakunja amakhala akuona nthawi yomwe shopu imatsegulidwa ndi kutsekedwa, tsiku lomwe katundu wafika, ndi usiku womwe mlonda sadabwere. Akaunti iyenera kukhala ya mwini malo. Mkazi wake, mwamuna wake kapena wantchito apatsidwe mwayi kudzera pa Share kapena Shared Users, pomwe angathe kuchotsedwa tsiku lililonse popanda kusintha china. Amene belu lake lili kale pa akaunti ya wina, amuitane, alichotse iye akuona, ndipo pamenepo reset ili ndi ntchito. Kapepala ka kuseri kwa belu, kokhala ndi QR code ndi nambala yake, kajambulidwe pa foni lisanapachikidwe, popeza dzuwa ndi mvula zimakafufuta. Pa EZVIZ pamakhalanso zilembo zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi zomwe app imazifunsa.

Belu lomwe lafadi limadziwika. Likatchajidwa usiku wonse ndi tchaja china ndi chingwe china koma osayatsa kagetsi kalikonse, kapena m'diso la kamera mukaoneka madzi, vuto si la Wi-Fi. Ngakhale pamenepo, mabelu ambiri otchipa amayendera mabatire ozungulira a 18650, ofanana ndi a m'matochi otchaja, ndipo kusintha mabatirewo n'kotchipa kwambiri kusiyana ndi kugula belu lina. Batire lofufuma lichotsedwe msanga, lisatchajidwenso. Mabelu a chingwe amafuna mphamvu yochepa, ambiri yosapitirira mavoti 24, kudzera pa kathiransifoma kapena adaputala yake. Lomwe lidalumikizidwa mwachindunji ku mavoti 230 a ESCOM lidapsa nthawi yomweyo, ndipo limenelo lokha ndi loyenera kubwerera mu katoni.